Nyumba Yopanda Utsi

Caka ciri conse, mvula ikagwa ndipo masukulu akatsekera m'mwezi wa Disembala, mzinda wa Lusaka umasinthana anthu. Pa malo okwerera mabasi a Intercity, pa mseu wa Dedan Kimathi, pamadzaza anthu a mitolo opita ku Petauke, ku Katete, ku Chipata ndi ku Lundazi. Ena a magalimoto ao amatsikira ku Siavonga kukapumula m'mbali mwa nyanja ya Kariba. Ndipo pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda pamatsika ana a dziko lino ogwira nchito ku London, ku Johannesburg kapena ku Perth, kudzagona masabata atatu m'nyumba zimene anamanga ndi thukuta lao, koma zimene zimakhala zotseka miyezi yonse yotsala. Onsewa, wocoka ndi wobwera yemwe, nkhawa yao ndi imodzi: nyumba ikatsala yokha, adzaisunga ndani?

Funso limeneli si lacilendo, koma yankho lace lasintha. Kale kumudzi munthu pofuna kupita ulendo wa masiku ambiri anali kukoka citseko cace ca bango, napingasa mpiringidzo, namanga ndi luzi. Luzi limenelo mwana wa zaka zisanu akadatha kulidula ndi mano; nchito yace inali yongouza odutsa kuti mwini wace palibe. Cimene cinali kusunga nyumbayo ndi mau amene mwini wace ananena asananyamuke. Anali kupita kwa mnansi wace nati, "Amai, ife mawa tilawira ku maliro kutsidya la Luangwa, mutionereko pakhomo." Ndipo mai uja anali kuyankha kuti, "Pitani bwino, atate, ife tiripo." Kuyambira pamenepo nkhuku za wapaulendo zinali kutsekeredwa madzulo, bwalo lace linali kusesedwa, ndipo mlendo woima pafupi ndi nkhokwe yace anali kufunsidwa kumene acokera ndi amene amfuna. Analipo ena otsirika nyumba ndi mankhwala, koma ngakhale iwowa sanali kucoka osatsazika.

Koma mzinda wa Lusaka sunamangidwe monga mudzi. Pamene njanji yocokera ku Livingstone inafika pamalopo m'caka ca 1905, panali kasiteshoni cabe pakati pa chire, ndipo dzina lace linatengedwa kwa mfumu ya mudzi wapafupi, Lusaaka. M'caka ca 1931 katswiri wa mamangidwe a mizinda wa ku Mangalande, Professor Stanley Adshead, anapereka kwa Boma la Northern Rhodesia maonekedwe a likulu latsopano, ndipo m'caka ca 1935 likulu linasamuka ku Livingstone kudza ku Lusaka. Maganizo a olembawo anali akuti mzinda ukhale ngati munda wa maluwa, wa miseu yotakata, mitengo m'mbali mwace, ndi nyumba iri yonse pakati pa bwalo lace lalikulu. Koma ubwino umenewu unali wa Azungu okha. Iwo anakhala ku Ridgeway ndi ku Rhodes Park, ndipo pambuyo pace ku Woodlands ndi ku Kabulonga, kumene munthu akhoza kupfuula pakhonde pace mnansi wace osamumva. Anthu akuda anapatsidwa Kabwata, kumene kunamangidwa timanyumba tozungulira ta denga la udzu, toyenera mwamuna mmodzi wopanda banja. Kenaka kunadza Chilenje ndi Matero. Towerengeka ta timanyumba ta ku Kabwata tinasiyidwa osagwetsedwa m'zaka za m'ma 1970, ndipo tinasanduka malo a osema ziboliboli. Kufikira tsopano anthu a mu Lusaka amagawa mzinda wao pawiri: kumayadi ndi kukomboni.

Nyumba zotsala zokha zinayambira kumayadi komweko. Mzungu wa nchito ya Boma akatha zaka ziwiri kapena zitatu anali kulandira chuthi ca miyezi ingapo. Anali kukwera sitima ya pamtunda kufikira ku Cape Town, ndipo kumeneko nkukwera sitima ya pamadzi ya Union-Castle, imene inali kutha pafupi masabata awiri kuti ifike ku Southampton. Nthawi zina Boma linali kulowetsa Mzungu wina m'nyumbayo. Nthawi zina inali kutsala m'manja mwa khukhi ndi mnyamata wa m'dimba, amene anali kugona m'kanyumba ka kuseri. Malinga a njerwa anali osowa masiku amenewo. Mpanda unali wa mitengo yodzala kapena wa waya wofika m'ciuno. Cotero cuma conse ca Bwana ndi Dona cinali kusungidwa ndi anthu awiri a malipiro ocepa, amene anadziwa bwino kuti pakasowa supuni imodzi, oyamba kutengedwa ndi apolisi adzakhala iwo. Kawirikawiri Bwana pobwerera anali kupeza zonse monga anazisiya, ndipo anali kuyamika loko wace.

Kalaliki wa ku Kabwata kapena ku Chilenje nayenso anali ndi chuthi cace, ndipo anali kukwera lole kapena basi kupita kwao ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, ulendo wa makilomita oposa 550. Iyeyu analibe khukhi. Anali kukoloweka kaloko kogula kwa Amwenye ku Kamwala, nasiya mfungulo kwa mkazi wa mnzace wa khomo loyandikana. Nyumba za kumeneko zinali zothinana, madzi anali kutungidwa pa mpope umodzi, ndipo panalibe munthu akadanyamula njinga kapena makina osokera m'nyumba ya mwini popanda amai asanu kumuona. Kuthinana kumene anthu anali kudandaula nako ndiko kunali mlonda wao. Mwambo wa kumudzi unalowa m'tauni pamodzi ndi mtondo ndi mphasa, ndipo unagwira nchito yace.

Dziko litalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, eni dziko analowa m'nyumba za kumayadi, ndipo mzinda unakula kulowera kum'mawa motsata mseu wa Great East kufikira ku Chelstone. Koma mtengo wa mkuwa utagwa m'caka ca 1975, nchito zinacepa, zinthu zinasowa m'masitolo, ndipo umbala unakula. Pamenepo anthu anayamba kuzula mipanda ya maluwa ndi kumanga malinga a njerwa za simenti, nazika mabotolo osweka pamwamba pace, natseka mazenera ndi zitsulo. M'caka ca 1996 Boma la Pulezidenti Frederick Chiluba linagulitsa nyumba za makhonsolo ndi za Boma kwa amene anali kukhalamo, ndipo ambiri atangosanduka eni ace anafulumira kumanga linga, ngakhale ku Kabwata, ku Libala ndi ku Chilenje. Pambuyo pace ana a Zambia okhala kunja kwa dziko anayamba kugula malo ku Chalala, ku Ibex Hill ndi kwina. Ndipo malamulo a dziko a m'caka ca 2016, olola munthu kukhala nzika ya maiko awiri, anawalimbitsa mtima. Cotero lero mu Lusaka muli nyumba zambiri zokongola zimene pakhomo pace sipafuka utsi.

Mbala siithyola nyumba mwangozi. Isanalowe imayamba yawerenga nyumbayo monga mlenje awerenga mapazi a nyama. M'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala kufikira Epulo, udzu wa kunja kwa cipata umafika m'maondo pa masabata owerengeka ngati palibe woudula, ndipo mango amagwa naolera pansi wopanda wotola. M'cilimwe masamba ndi maluwa a jacaranda amaunjikana pacipata, ndipo pa fumbi sipaoneka mapazi a munthu kapena a galimoto. Pa cingwe sipayanikidwa nsalu, mgolo wa zinyalala sutuluka tsiku limene lole imadutsa, makatani sasuntha. Nyali ya pakhonde, imene mwini wace anaisiya yoyaka poganiza kuti wacenjera, imayaka usana wonse, nilalikira kwa wodutsa ali yense kuti palibe woizima. Wina amagogoda pacipata masana monga wofuna ganyu kapena wogulitsa makala. Akagogoda masiku atatu osayankhidwa, wadziwa cimene anadzera.

Ndipo m'nyumba yopanda anthu mbala siifulumira. M'nyumba ya anthu ogona imatenga za m'manja nithawa. Koma umu imabwera usiku woyamba kudzatenga wailesi ya kanema ndi zobvala, usiku waciwiri firiji ndi citofu, ndipo ikaona kuti palibe wolankhula imabwera ndi anzace ndi zida zao. Amazula mawaya a magetsi m'zipupa cifukwa ca mkuwa uli m'kati mwace, amamasula mipope ndi mita ya madzi, amatsitsa thanki yotenthetsa madzi, amakoka pampu ya m'citsime, amakwera padenga kukacotsa magalasi a magetsi a dzuwa pamodzi ndi mabatire ace, ndipo potsiriza amanyamula ndi zitseko zomwe. Waya amene wakuba agulitsa kwa ogula zitsulo zakale pa mtengo wa ndiwo, mwini nyumba kuti amubwezere ayenera kuitana amisiri ndi kuswa cipupa. Mpope wodulidwa umataya madzi sabata lathunthu kufikira pansi ponse pafufuma. Munthu amene anagwira nchito ya usiku zaka khumi m'cipatala ca kunja kuti amange nyumba yopumuliramo pa ukalamba wace, amatsika m'ndege nkupeza bwinja.

Zitsulo ziri ndi nchito yace, ndipo wanzeru sazinyoza. Loko wolimba, citseko ca citsulo ku khomo la kukhichini, zitsulo za m'mazenera zozikidwa m'cipupa osati zongokhomera pa thabwa, ndi denga lopanda lata lomasuka, zonsezi zimacedwetsa mbala ndi kuikakamiza kucita phokoso. Koma kucedwa ndi phokoso ziri ndi phindu pokhapo pali wina wakumva. Linga lalitali limatumikira awiri: limabisa cuma ca m'kati kwa odutsa, komanso mbala ikangolumpha, linga lomwelo limaibisa kwa anansi, nigwira nchito yace mosatekeseka monga mmisiri wolembedwa. Belu lolira lokha citseko cikakhudzidwa limalira kawirikawiri kumayadi cifukwa ca mphaka kapena mphepo, kotero kuti ambiri analeka kudzuka nalo. Kamera yotumiza zithunzi ku foni ya mwini wace ku Manchester imamuonetsa bwino lomwe katundu wace ali kutuluka, koma iye alibe dzanja lofika ku Lusaka.

Ndiponso zambiri za izi zimadya magetsi. Cilala ca m'caka ca 2024 cinacepetsa madzi a m'nyanja ya Kariba kotero kuti m'miyezi ina magetsi anali kuzima pafupi maola 20 pa tsiku m'madera ambiri a Lusaka. Mabatire a waya wa magetsi wa pamwamba pa linga anali kutha mphamvu usiku usanafike pakati, ndipo nyumba ya ku Kabulonga yopanda woliza jenereta inali mu mdima umodzimodzi ndi wa ku Kalingalinga. Ngakhale m'zaka za mvula yabwino, nyumba zambiri ziri ndi mita yolipiriratu ya ZESCO, ndipo mayunitsi akatha mwini wace ali kutali, nyali, belu ndi waya zimafera pamodzi. Pamafunika munthu wa cala camoyo woti adine manambala pa mitayo. Cotero nkhani iri yonse ya zitsulo imabwerera kwa munthu.

Munthu woyamba ndiye mlonda, amene a mu Lusaka amati malonda. Iyeyu kawirikawiri amacokera ku Bauleni kudzalonda ku Woodlands, ku Mtendere kapena ku Kalingalinga kudzalonda ku Kabulonga, ku Kamanga kudzalonda ku Chelstone. Amayenda pansi dzuwa liri kulowa, nasiya mkazi ndi ana m'cipinda cimodzi ca lendi, kukakhala usiku wonse pa mpando wothyoka, m'mphepo ya mwezi wa Juni, ali ndi cibonga ndi toci. Boma linayamba kuika malipiro ocepetsetsa a anchito a m'nyumba ndi a m'dimba m'caka ca 2011, ndipo m'caka ca 2024 anafika pa K1,300 pa mwezi. Ndalama zimenezi sizifika ngakhale pa mtengo wa firiji imodzi ya m'nyumba imene munthuyo asunga. Komabe alipo eni nyumba amene ngakhale zocepazo amapereka mocedwa, ndipo amadabwa zinthu zikalakwika.

Fanizo la nyumba ziwiri likwanira kumasulira zimenezi. Pa mseu wina wa ku Woodlands panali nyumba ziwiri zoyang'anana, zonse za eni okhala kunja. Mwini wa yoyamba anaika waya wa magetsi ndi makamera, nalemba mlonda, nalonjeza kutumiza malipiro pa foni pakutha pa mwezi. Miyezi iwiri inapita osatumiza. Mlonda anaimba foni nati, "Bwana, pepani, kunyumba ufa watha, ndipo eni nyumba afuna lendi." Bwana anayankha kuti, "Dikirani, mdala, ndiri wotangwanika. Ndidzaona sabata lamawa." Mlondayo sanabe kanthu. Anangoyamba kufuna ganyu masana, kusenza njerwa kumene anthu anali kumanga, ndipo usiku tulo tinali kumgonjetsa. Tsiku lina anapeza nchito kwina, nakankhira mfungulo pansi pa cipata. Mwini wace anamva patapita masabata atatu, koma ena anamva tsiku lomwelo. Mwini wa nyumba yaciwiri analibe makamera. Analola mdala wina ndi mkazi wace kukhala m'kanyumba ka kuseri, nawapatsa kadimba kuti adzalemo repu ndi cimanga, nawalipira pa tsiku lace, ndipo mdzukulu wao atadwala anatumiza ya mankhwala. Pabwalo pamenepo panali kufuka utsi m'mawa, nsalu zinali pa cingwe, ndipo wogogoda ali yense anali kumva liu la mai lofunsa kuti, "Ndani?" Akale anati kupatsa nkuika.

Ena amati mlendo sakhulupirika, ndi bwino kuika mbale. Nzoona kuti mphwa kapena mlamu nthawi zambiri amasunga za pa mtundu ndi mtima wonse. Koma pamenepanso pali mbuna. Mphwa wosauzidwa malire amaitana anzace Loweruka, amabwereketsa cipinda, amalowetsa wa lendi mobisa, ndipo amalume akabwera m'Disembala amapeza kuti m'nyumba yao yomwe asanduka alendo. Kumcotsa nkobvuta, pakuti mlandu umakafika kumudzi kwa alongo, ndipo khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Cotero ndi bwino kupangana poyera pamaso pa mkulu wa banja, ngakhale kulemba pa pepala: zipinda zimene adzagonamo, wolipira madzi ndi magetsi, tsiku limene adzacoka, ndi mphotho ya kusunga kwace, pakuti mbale wosunga nyumba ali pa nchito monga wina ali yense. Payeneranso kukhala wina waciwiri, wosagona pomwepo, amene amadzazonda kamodzi pa sabata, kulowa m'zipinda, kuyang'ana ciswe ndi kudontha kwa denga, ndi kuuza mwini wace zoona.

Wosunga nyumba, kaya ndi mbale kaya ndi wolembedwa, auzidwe kuti nchito yace yaikulu ndiyo kufafaniza zizindikiro zimene mbala imawerenga. Adule udzu wa kunja kwa linga monga adula wa m'kati, asese pacipata m'mawa, atole mango nagawireko ana a anansi, ayatse nyali madzulo naizime kukaca, atsegule mazenera masana, ndipo makwerero ndi zitsulo zokumbira asazisiye pabwalo, pakuti mbala zambiri zimathyola nyumba ndi zida za mwini wace. Mnansi wa magalimoto awiri akapemphedwa kuika imodzi m'bwalomo, mapazi ace pa fumbi amalankhula bwino koposa cikwangwani. Galu nayenso ndi mlonda wabwino, koma ndi mlonda wa mimba. Galu wosiyidwa ndi njala amalandira nyama ya wakuba ndi mcira wogwedera, ndipo nyamayo nthawi zina imakhala yothira mankhwala.

Koma mlonda wopambana onse salipidwa, ndiye mnansi; ndipo apa ndi pamene pali umphawi wa kumayadi. Munthu akhoza kukhala zaka zisanu ku Kabulonga, kutuluka pa galimoto m'mawa cipata nkutsekeka pambuyo pace, osadziwa dzina la wokhala kuseri kwa linga lace. Amangodziwa galu wace cifukwa ca kuuwa. Tsiku limene lole iima pacipata masana ndipo anthu anai ayamba kukweza mipando, mnansi amati, "Anzathu aja asamuka," napitiriza kumwa tiyi. Ku Kabwata, ngakhale malinga anafikako, lole yotere ikadafunsidwa ndi mai wogulitsa tomato pa kantemba injini isanazime. Wofuna kudzasiya nyumba yace ayambe kale, ulendo uli kutali: apereke moni, apite pa maliro a pa mseu wace, asonkhe ya gulu la anansi olonda usiku pamodzi ndi apolisi kumene liripo, ndipo mnzace akacoka iyenso amuonere pakhomo. Mnzako akapsya ndebvu mzimire, mawa adzazima zako. Pocoka apereke nambala yace ya foni kwa anansi awiri, awauze amene ali ndi ufulu wolowa, ndipo anene poyera kuti palibe katundu woyenera kutuluka. Akadziwitsenso apolisi a dera lace, kaya ndi a ku Woodlands, a ku Kabwata kapena a ku Chelstone.

Kutsazika kuli ndi malire ace. Kuuza anansi awiri ndi mwambo. Kuuza mzinda wonse ndi kupusa. Munthu amene aika cithunzi cace pa Facebook ali pa bwalo la ndege, kapena ali m'bwato ku Siavonga, kapena ali pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika m'mwezi wa Ogasiti, wauza anthu ambirimbiri amene sawadziwa kuti pakhomo pace palibe munthu. Zithunzi sizibvunda, zikhoza kudikira kufikira atabwera. Comweconso ndi munthu amene aitana omanga, opaka utoto ndi okonza mipope sabata lomwe anyamuka, nakambirana ndi mkazi wace za matikiti pamaso pao. Ambiri a amisiriwo ndi okhulupirika, koma mau onenedwa mosalingalira pa mowa amakafika m'khutu la wina. Ndipo loko amene mfungulo zace zapita m'manja ambiri asinthidwe ulendo usanayambe.

Pali zinthu zina zosayenera kugona m'nyumba yopanda anthu ngakhale usiku umodzi: ndalama, zokometsera za golidi, mapasipoti, ndipo koposa zonse kalata ya umwini wa malo yocokera ku unduna woona za malo. Wakuba wailesi watenga wailesi cabe. Koma wakuba kalata imeneyi akhoza kuyesa kugulitsa nyumba yonse kwa munthu wosadziwa, ndipo mlandu wotere sufulumira kutha m'makhoti. Izi zisungidwe ku banki kapena kwa loya. Za katundu wotsala, mwini alembe m'kabuku manambala osindikizidwa kumbuyo kwa ciwiya ciri conse, pakuti apolisi akagwira katundu wakuba, amene amamlandira ndi yekhayo wokhala ndi umboni. Ndipo wolipira inshuwalansi awerenge bwino pangano lace, cifukwa mapangano ambiri amaika malire a masiku amene nyumba ingakhale yopanda munthu. Zonsezi zimaoneka zazing'ono kwa munthu wofulumira ulendo, amene amati adzacita akabwera. Koma pakadafunda padajiwitsa galu.

Lamulo la dziko silicepetsa mlandu umenewu. Buku la milandu, Penal Code, limasiyanitsa kuthyola nyumba usana ndi kuthyola usiku: woyamba akhoza kukhala m'ndende zaka 7, waciwiri zaka 10, ndipo usiku umawerengedwa kuyambira 7 koloko madzulo kufikira 6 koloko m'mawa. Wolandira katundu akudziwa kuti ngwakuba nayenso ali ndi mlandu, ndipo apa ndi pamene nzika zabwino zambiri zimapunthwa. Munthu yemweyo amene amatemberera akuba amakondwa akapeza pampu ya madzi kapena batire pa theka la mtengo wace kwa mnyamata wopanda lisiti, osafunsa kumene zacokera. Pakadapanda wogula, mbala ikadasiya nchito yace kalekale. Ndiponso khamu limene limagwira wakuba ndi kummenya kufikira imfa silisunga nyumba ya munthu ali yense. Limangoonjezera mlandu wa kupha pa mlandu wa kuba, ndipo nthawi zina wofayo amakhala munthu wongodutsa.

Lusaka adzakulabe, ndipo ana ace adzapitirira kumanga kwao pamene akhala kwina, pakuti palibe wofuna kukalambira kucilendo. Malinga sadzagwetsedwa, ndipo palibe wonena kuti anthu abwerere ku luzi ndi mpiringidzo. Koma womanga nyumba ya chuthi, powerengera simenti ndi malata, awerengerenso zinthu zimene sizigulidwa ku sitolo: malipiro a mlonda ofika pa tsiku lace, kanyumba ka kuseri kokhala ndi madzi ndi cimbudzi, ndi mnansi womdziwa dzina. Amene alibe zimenezi angacite bwino kuikamo wa lendi, iye nkumafikira kwa abale akabwera. Pakuti nyumba yokhalamo anthu imakalamba pang'onopang'ono, koma yopanda anthu imatha msanga, kaya ndi akuba kaya ndi ciswe. Nyumba inamangidwira anthu, ndipo ndi anthu amene amaisunga.